Malume, Masefa Awo ndi Diso la Kanati

Malume anga amadula magalasi a maso. Si dokotala ayi, ndipo wina akawatchula choncho amakwinya nkhope. Adokotala amayeza maso n'kulemba mphamvu yake. Malume amatenga galasi lobwera lozungulira ngati kasosala, n'kulipala pamwala mpaka likwane mu felemu imene mwini maso wasankha. Akhala akuchita zimenezi kuyambira ine ndisanabadwe, m'shopu yomweyomweyo, ngakhale kuti eni shopu asinthasintha.

Ndi achimwene awo a mayi anga. Analowa pamenepo ali mnyamata, ntchito yawo kusesa ndi kupukuta mawindo. Mkulu amene ankadula magalasi nthawi imeneyo ankadana ndi kuwerama, ndiye galasi likamupulumuka ankangoti, "Tola, ndi lako." Malume ankatoladi, ndipo masana anthu akapita kokadya iwo ankalipala pamwala mpaka lithe. Mkuluyo atasiya ntchito, panalibenso wina woti n'kukhala pampando paja.

Kachipinda kawo kali kuseri, kumene makasitomala safika. Kutsogolo kuli magetsi owala ndi mafelemu ondandalikidwa bwino. Kuseriko kuli tebulo lalitali, mwala wozungulira ndi magetsi, ndi chitini chopachika chimene chimadonthezera madzi pamwalawo. Paliponse pali matope oyera ouma: pakhoma, pawailesi, pansapato zawo. Zala zawo zitatu zakumanja zinatha mizere, n'zosalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha.

Magalasi amene iwo amavala si awo. Ndi a mayi wina amene sanabwere kudzawatenga, ndipo ali ndi timaluwa tagolide m'mbali. Malume anangosintha magalasiwo n'kusunga felemu. Mayi anga anawanena mpaka pakamwa kuuma.

"Achimwene, mukutichititsa manyazi."

"Ine ndimaonera m'kati," amayankha choncho. "Maluwawo ndi anu inu oona kunja."

Akazi awo anamwalira ndili kusekondale. Ana awo awiri ali kutali, amaimba foni akakumbukira. Kuyambira pamenepo moyo wa malume ndi kunyumba ndi kushopu basi, tiyi ndi buledi patebulo lomwelo la matope oyera. Mukakhala nawo paukwati sayang'ana mkwatibwi, amayang'ana mphuno za anthu. Amakunong'oneza kuti, "Abusawa magalasi akuwaluma kuseri kwa khutu, ona mmene akupendekera." Samanena mokondwa ayi. Amanena ngati munthu amene ntchito imamutsatira ngakhale kumene sanaiitane.

Chaka chathachi dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Sanauze munthu. Ine ndinaona chifukwa ndimayang'ana kwambiri: akamathira tiyi amatsamiritsa chigongono patebulo, ndipo akamasaina amayamba atsokomola kaye kuti maso a anthu apite kunkhope.

Pakona pa tebulo lawo pali kabokosi kachitsulo, kotha penti. M'kati muli babu. Pamwamba pa babu pali kapulasitiki kotuwa, ndipo pamwamba pakenso, motalikirana ngati zala zinayi, pali kena kofanana nako kamene kamazungulira. Malume amati ndi masefa. Ndili mwana anandifotokozera kuti kuwala kumatuluka m'babu kukugwedezeka mbali zonse, ngati anthu otuluka m'basi. Sefa woyamba amalola kokhako kogwedezeka mbali imodzi. Wachiwiri ukamutembenuza mopingasa, ngakhale kotsalako sikudutsa, ndiye ukasuzumira umangoona mdima, babu ikuyaka. Ukaika galasi pakati pa masefa awiriwo, galasi lomasuka silioneka n'komwe, limakhala lakuda ngati malo onse. Koma galasi lopanidwa limapotoza kuwala, ndipo pamene lapanikizika pamawala. Aphunzitsi a sayansi anadzatchulanso zomwezi ndili Fomu 2, ndi mawu aatali amene ndinaiwala. Za basi zija ndi zimene zinakhala.

Nthawi imeneyo kabokosi kanali choseweretsa changa. Ndinkaikamo rula yapulasitiki n'kumaona utawaleza. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzasuzumiramo chifukwa cha diso la mwana wanga.

Mwana wanga ndi mtsikana wa zaka zinayi. Bambo ake amamutcha Kanati, chifukwa iwo ndi makaniki wa njinga zamoto ndipo chilichonse chaching'ono chokondeka kwa iwo ndi nati. Kanati amaona ndi diso limodzi, lamanja. Lamanzere linavulala ali ndi zaka zitatu. Ndinamusiya kugalaja pang'ono ndikupita kokagula mankhwala, waya wa buleki unaduka bambo ake akuukoka, n'kumukwapula kumaso. Kuchipatala anayesetsa, koma dokotala wa maso anatiuza mosabisa kuti lamanzerelo lapita. Anati lamanjali nalonso siliona bwino patali, ndipo mwanayu azivala magalasi nthawi zonse ali maso, kuti aziona komanso kuti akhale chotchinga. "Diso latsala limodzi," anatero. "Lina lilibe kogula."

Za tsiku limenelo amuna anga sanenapo. Sitinakanganepo za ilo, mwina kukangana kukanakhala bwino. Anangosiya kuimba mluzu.

Magalasi anadula ndi malume. Felemu yoti ikhale pakamphuno ka Kanati inavuta kupeza, chifukwa kamphunoko sikanamere msana. Anapeza imodzi yokha, yachitsulo, yamkombero wotsekedwa ndi kabawuti kakang'ono ngati njere ya mpunga. Magalasi ake apulasitiki. Tsiku lomuveka malume anagwada movutikira n'kunena kuti, "Mkazi wanga, tsopano undione bwinobwino, usadzati ndinakupusitsa." Kanati anawayang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Agogo, muli ndi tsitsi m'mphuno."

Kuyambira pamenepo magalasi aja anasanduka munthu wachinayi m'nyumba mwathu. Ine ndinkawatsuka, ndinkawaika pamwamba pa kabati mwana akagona, ndinkawagwedeza pafupi ndi khutu kuti ndimve ngati pali cholira. Amuna anga anatenga mbali ya mabawuti. M'mawa uliwonse asanapite kugalaja ankakhala pakhomo pamene pali kuwala, n'kuyesa kabawuti kalikonse ndi kasikuludiraiva kamene anasula okha kuchokera ku sipoko ya njinga. Kwa iwo bawuti yosamangitsa ndi maliro. Amati njinga sipha munthu, chimapha ndi nati imene wina anati "yakwana" isanakwane.

Tsiku lina m'mawa ndikumupukuta Kanati kumaso, ndinaona kanthu konyezimira patsaya, m'munsi mwenimweni mwa diso labwinolo. Ndinayesa shuga. Nditakatola ndi chala kanandibaya. Kanali kachidutswa kopyapyala ngati mamba a nsomba, kakuthwa mbali imodzi. Ndinamuvula magalasi, ndipo m'mphepete mwa galasi lamanja, pafupi ndi kabawuti, panali pobenthuka.

Sindikumbukira kuti ndinatseka bwanji chitseko. Ndinamutsegula chikope ndi zala, kuyang'ana pansi, kuyang'ana pamwamba, iye akulira kuti ndikumupweteka. Diso linali loyera. Ndinakulunga kachidutswako m'kapepala ka switi, ndinamubereka ngakhale kuti ndi wamkulu, ulendo wa kushopu. Njira yonse ndinkaona timiyala totumphuka m'matayala, nthambi, maambulera a anthu, zinthu zonse zosongoka za m'dziko lino, ndipo mwana wanga ali kumsana wopanda chotchinga.

Ndinawapeza malume akupala galasi, mutu uli pansi. Sanazimitse mwala msanga.

"Mphwanga, wabwera ndi nkhope ya mayi ako. Kwagwanji?"

Ndinatambasula kapepala kaja patebulo. Anayang'ana kachidutswa, anayang'ana Kanati, kenako anazimitsa mwala.

"Diso?"

"Lili bwino. Ndaona."

"Waona iwe. Akaonenso adokotala mukachoka pano." Anatenga magalasi. "Anagwa?"

"Sanagwe."

"Anamenyedwa ndi mpira? Anawakhalira?"

"Malume, mwanayu ndimamulondera ngati mkaka pamoto. Sanagwe."

Ndinali nditakonzeka kuwafunsa ngati dzanja lawo lija silinalakwitse podula. Mawuwo anali pakhosi. Ndikuganiza kuti anawaona, chifukwa anapumira m'mwamba n'kukoka kabokosi kaja. Anayatsa babu, anatembenuza sefa wapamwamba mpaka m'kati munada, n'kulowetsa magalasi pakati. Anasuzumira kanthawi.

"Bwera uone."

Galasi lamanzere, la diso lakufalo, linali lakuda, kupatula kuwala pang'ono m'mphepete. Lamanja linali ngati layaka moto. Mkombero wonse unkawala, ndipo pa kabawuti panatuluka malilime achikasu ndi obiriwira olowa mpaka chapakati.

"N'chiyani chimenechi?"

"Likulira," anatero. "Lapanidwa. Galasi silinena, limangopirira, kenako tsiku lina limabenthuka lokha munthu ali chikhalire." Anatulutsa magalasi n'kuwayandikitsa kumaso. Anayang'anitsitsa pamene mbali ziwiri za mkombero zimakumana. "Ine sindinalisiye chonchi. Apa papalidwa ndi tupa. Ndani wapala apa?"

 Ndinakumbukira Lamlungu lina pamene ndinagwedeza magalasi pakhutu n'kuuza amuna anga kuti lamanjali likumveka ngati likugwedera. Anayesa kumanga, kabawuti kanali katafika kale pamapeto. Anapita nawo kugalaja, ndipo atabwera nawo sankamvekanso kanthu. Tonse tinasangalala.

"Ndi apongozi anga?" anafunsa malume.

Ndinagwedeza mutu movomera.

Sanakalipe. Anavula magalasi awo amaluwa aja n'kutikita maso ndi zala zosalalazo, nthawi yaitali. "Anthu inu," anatero. "Ndimasiya dala kampata kochepa kuti galasi lizipuma. Kukatentha chitsulo ndi pulasitiki sizifufuma mofanana. Kabawuti kamaima pamene ndakaimika. Iye waona kuti kaima, wapala chitsulo kuti kapitirire." Anavalanso magalasi. "Muimbire abwere."

"Malume, musawanyoze. Munthu uja ali ndi bala kale."

"Ndani wati ndimunyoza? Ndilibe mphamvu zonyozera munthu. Ndikufuna manja ake."

Sindinamvetse, koma ndinaimba. Kenako ndinatenga Kanati kupita naye kwa adokotala a pashopu pomwepo, kuchipinda chakutsogolo. Anamuunika ndi katochi, anamudonthezera mankhwala achikasu, n'kunena kuti diso silinakhudzidwe. Ndinathokoza, koma mtima sunatsike. Kachidutswa kaja kanagwera kunja. Kakanatha kugwera m'kati.

Nditabwerera kuseri ndinapeza malume atatulutsa galasi lina m'kabati, lozungulira, lili m'kapepala kake.

"La mphamvu ya mkazi wangayu latsala ili lokha," anatero. "Ena akubwera mwezi wamawa, kaya. Ndikaliwononga, akhala maso pamtunda mpaka nthawi imeneyo."

"Felemu ina palibe?"

"Ya mphuno ngati batani imeneyi? Ukudziwa mmene tinavutikira."

Anajambula mzere pagalasi ndi cholembera, anayatsa mwala, natsegula madzi a m'chitini. Ndinakhala pampando wopanda chotsamira, Kanati ali pamiyendo panga, nkhope ndaitembenuzira kuchifuwa kwanga kuopa tizidutswa. Ndinkayang'ana dzanja lawo. Linkanjenjemera likamanyamula galasi, koma likangofika pamwala linkadekha, chifukwa ankapanikiza mikono yonse iwiri patebulo n'kumazunguliza galasi ndi nsonga za zala. Ankapala pang'ono, kupukuta, kuyesa pa felemu, kupalanso. Thukuta linkatsika kuseri kwa khutu mpaka m'kolala.  Wailesi inkanena za mpira, palibe ankamvera.

Pakati pa ntchito anaima n'kutambasula zala.

"Amayi eni shopu agula makina," anatero, osandiyang'ana. "Odula okha. Umangoika felemu, n'kudina. Akuti afika chaka chisanathe."

"Ndiye inu?"

"Ine ndikagona. Ukuganiza kuti ndikudandaula? Msana uwu unapempha kalekale. Mayi aja andisunga mokwanira, dzanjali analiona kale, anangokhala ngati sanaone." Anatenganso galasi. "Makinawo amadula bwino kuposa ine, ndinawaona kwina. Koma sadziwa kuti mwana uyu kwawo kuli makaniki."

Amuna anga anafika atavala ovolosi, manja atawapukuta koma akuda m'mizere. Anaima pakhomo la kachipindako ngati mwana woitanidwa ku ofesi ya ahedi. Amawaopa malume, chifukwa ndi amene anayankhula pa ukwati wathu.

"Malume, mwaswera bwanji?"

"Taswera, apongozi. Lowani, koma mutu, chitinicho n'chachifupi."

Kanati anatsika n'kukawakumbatira mwendo. Amuna anga anaona nkhope yake yopanda magalasi, n'kundiyang'ana ine. Ndinawapatsa kapepala ka switi kaja. Anatsegula n'kuyang'ana.

"Kanali pati?"

"Patsaya," ndinatero. "Diso lili bwino. Adokotala aona."

Malume anali atabwezera dala galasi lobenthukalo mu felemu. Analowetsa m'kabokosi.

"Apongozi, suzumirani umu. Musaope, sikaluma."

Anawerama. Anakhala choncho nthawi yaitali kuposa mmene ndinakhalira ine.

"Mitunduyi ndi chiyani?"

"Ndi dzanja lanu limenelo."

Amuna anga anaweramuka. "Linkagwedera, malume. Likanagwa."

"Likanagwa mukanatola."

"Nanga likanagwa ali pamsewu? Ali kusewera ndi anzake, wina n'kuponya kamtengo?" Mawu awo anakwera, kenako anatsika okha. "Ine sindingasiye bawuti ikusewera. Pa mwana uyu ayi."

"Ndikudziwa," anatero malume. "Njinga ya munthu mukaimanga mumagona tulo. Koma ichi si njinga. Tengani kasikuludiraiva ako apo, kofiirako. Masulani pang'onopang'ono, maso ali m'kabokosi."

Amuna anga anagwira felemu ndi dzanja limodzi pakati pa masefa, linalo n'kumamasula. Ine ndinasuzumira paphewa pawo. Malilime aja anayamba kubwerera m'mbuyo ngati madzi akuphwa, chikasu chinazimiririka, mpaka galasi lonse linada.

"Mangani tsopano."

Anamanga. Kuwala kunatulukanso pa kabawuti, n'kuyamba kukwawa. Anamasula, kunathawa. Anamanganso. Anachita zimenezi kangapo, palibe anawaletsa. Kenako anaika kasikuludiraiva pansi n'kupukuta nkhope ndi mkono wa ovolosi.

"Miyezi yonseyi," anatero, osamaliza.

"Zapita zimenezo," anatero malume. "Mvetserani za lero. Chitsulo munapala chija sichingamerenso. Kale kabawuti kankaima kokha pamalo pake. Tsopano kalibe poima, kazingopita mpaka galasi lisweke. Ndiye tiyenera kukaimitsa ndi maso. Galasi latsopano ndadula, ili. Lina palibe. Ine dzanja langa pa mwala limamvera, koma pa kabawuti kakang'ono chonchi limadumpha, ndingakande galasi kapena kupitiriza. Inu mumange, ine ndiziona."

Kanali koyamba kumva malume akutchula za dzanja lawo pamaso pa munthu amene si wamagazi awo. Anatchula ngati akunena za mvula.

Amuna anga anayang'ana manja awo. "Ine ndi amene ndawononga loyambalo."

"Ndiye mukufuna ndiitane ndani, wogulitsa nthochi panjapo? Sambani m'manja, sopo ali apo. Girisi pagalasi la mkazi wanga sindifuna."

Anasamba kawiri. Malume anachotsa galasi lobenthuka, analowetsa latsopano mumkombero ndi chala chachikulu, n'kugwirizira felemu pakati pa masefa. Amuna anga anagwada kuti dzanja lifike bwino. Mitu yawo inagundana pamwamba pa kabokosi, wina wa imvi, wina wa fumbi la kugalaja. Ine ndinamugwira Kanati mapewa, mwina mwamphamvu kwambiri, chifukwa anati, "Amama, mukundipana."

Ndinamasula.

"Yambani," anatero malume. "Pang'ono. Eya. Pitirizani. Pitirizani. Dikirani." Anatulutsa felemu, anakankha galasi ndi chala, linasuntha. Anabwezera. "Likadali lomasuka. Onjezani pang'ono. Pang'ono, apongozi, si shokobuzoba ya njinga iyi."

 Ndinkaona msana wa amuna anga, ovolosi itanyowa pakati.

"Basi. Pomwepo."

Dzanja la amuna anga silinachoke.

"Kakadali kofewa, malume. Ndikukamva. Kangathe kupitanso."

"Ndikudziwa kuti kangathe. Onani m'mphepetemo. Mwaona kakuwala kochepako, ngati ulusi? Ndiko kugwira kumeneko. Mukapitiriza, ulusiwo usanduka lilime."

"Kotala yokha."

"Apongozi."

Ndinafuna kulankhula, koma sindinadziwe kuti ndili mbali ya ndani. Theka la mtima wanga linkati mangani, lingagwe. Theka lina linkaona kachidutswa kaja patsaya. 

Amuna anga anachotsa kasikuludiraiva pang'onopang'ono, ngati kakuwawa kuchotsa, n'kukaika patali patebulo. Anakhala pansi penipeni, pa matope oyera aja, n'kutsamira khoma.

Malume anatulutsa magalasi, anakankha galasi ndi chala kutsogolo ndi kumbuyo. Silinatuluke. Anandipatsa. Ndisanaganize n'komwe, dzanja langa linawatengera kukhutu.

"Gwedeza," anatero malume. "Ndikudziwa kuti sugona ukapanda kugwedeza."

Ndinagwedeza. Kunamveka kenakake kochepetsetsa, kapena mwina ndi magazi a m'khutu mwanga.

"Kabawuti kosafika pamapeto kamamasuka kokha," anatero amuna anga ali pansi pomwepo. "Zimenezo ndiye ndikuzidziwa. Mwana akamathamanga, kazibwerera."

"Apo mwanena zoona," anatero malume. Anaimirira, mawondo akulira, n'kupita pakhomo lolowera kutsogolo. "Amayi! Tandibwerekani penti wa zikhadabo."

Eni shopu, mayi wonenepa wa mawu aakulu, anasuzumira. "Mwayamba liti kudzikongoletsa, akulu? Maluwa aja sanakukwaneni?"

"Ndapeza mkazi wamng'ono, ndiyenera kuyesetsa."

"Woyera wandithera. Ndili ndi wofiira yekha."

"Ndiye wabwino."

Anabweretsa kabotolo m'chikwama chawo, anamupatsa Kanati bisiketi, n'kubwerera kwa makasitomala. Malume anaviika nsonga ya singano mu pentiyo, anatsamiritsa chigongono patebulo, n'kudontheza kadontho kamodzi pamutu pa kabawuti ndi kena kumapeto kwake. Anauzira.

"Uyu akauma, kabawuti sikabwerera," anatero. "Komanso sikapita kutsogolo popanda ine kudziwa. Mphwanga, ntchito yako yasintha. Usamagwedezenso pakhutu. Uziyang'ana kadontho aka. Kakakhala kathunthu, magalasi ali bwino. Kakasweka, ubwere nawo, kuno kapena kunyumba, kabokosika ndidzapita nako, n'kanga. Ndipo ubwere ndi wakuswayo."

"Sindikhudzanso," anatero amuna anga.

"Mudzafuna. Mawa m'mawa zala zidzayabwa. Mukamange mabawuti a bedi, a chitseko, a mpando. Nyumba ili ndi mabawuti ambiri."

Pentiyo atauma anapukuta magalasi ndi kansalu n'kuyesa kugwada kuti amuveke Kanati, koma bondo linakana. Anakhala pampando n'kumuitana ndi dzanja. Anamukoleka kumakutu, anakonza pamphuno, anamupendeketsa mutu uku ndi uku. Kanati anaphethira, anayang'ana chitini, wailesi, ine, kenako bambo ake.

"Adadi, mwakhala pa zoyera."

"Ndaona, Kanati."

"Amama akukalipirani."

Palibe anaseka kwambiri, koma mpweya unabwerera m'chipindamo. Amuna anga anaimirira, anadzikuntha, n'kuthokoza malume ndi manja awiri. Malume anangogwedeza mutu. Anali atatsamira khoma, maso atatseka, dzanja lamanja lili pamwendo likunjenjemera poyera, osalibisanso. Patebulo panali mafelemu ena atatu odikira, aliyense m'kathireyi kake.

"Malume, mwadya?" ndinafunsa.

"Ndidya. Pitani, mukunditchingira mpweya."

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Amuna anga ananyamula Kanati paphewa, mbali imene diso labwino limayang'ana kutali ndi msewu. Tinayenda mpaka pamphambano pamene iwo amakhotera kugalaja. Pamenepo anamutsitsa, anagwada, n'kuyang'anitsitsa kadontho kofiira kaja. Chala chawo chinanyamuka chokha, chinafika pafupi, n'kuima m'malere. Anachibweza n'kulowetsa dzanja lonse m'thumba la ovolosi.

"Umugwire dzanja powoloka," anatero.

"Ndimamugwira."

"Ndikudziwa. Ndangonena."